Zahra ndi Leza Wake

Pitoliya, 6 Febuluwale 2023

Ababa ndi amayi,

Asalamu aleikumu. Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Malengachanzi, ndi mng'ono wanga Sabrina yemwe. Ine kuno ndili bwino, alihamudulila, kungoti mpunga wa kuno ulibe fungo. Ukauphika ngakhale mnzako wa chipinda chinacho sadziwa kuti pamoto pali kanthu.

Ababa, tsiku lija munandifunsa pa foni kuti kwenikweni ndimachita chiyani kuyunivesite kuno, ndipo nditangoyamba kufotokoza netiweki inathawa. Munati ndilembe papepala monga mwa pangano lathu, kuti muziwerenga mobwereza. Ndiye mverani.

Tili ndi makina otulutsa kuwala, dzina lake leza. Kuwala kwake n'kobiriwira, kowonda ngati ulusi wa ukonde, ndipo sikubalalika ngati kwa tochi, kumangopita chindunji. Tilinso ndi kamgolo kachitsulo ka mawindo agalasi. Timapopa mpweya kuuchotsa m'kamgolomo mpaka utsale wochepetsetsa, wonga wa kumwamba kwenikweni kumene ngakhale ndege sizifika. Tikatero timalowetsamo kuwala kuja.

Mukudziwa mmene zimakhalira m'shedi yanu yowambira nsomba dzuwa likalowa pa kachibowo ka lata. Mzere wa dzuwa umaoneka chifukwa cha utsi: kuwala kumagunda utsiwo n'kumwazikira m'mbali, kwina n'kufika m'maso mwanu. Mpweya nawo uli ndi tinthu take tosaoneka, ndipo timamwaza kuwala chimodzimodzi, koma pang'ono zedi. Ntchito yanga ndi kutolera kuwala komwazikako n'kukuyeza. Mpweya ukachuluka, tinthuti timakankhana ngati anthu pa msika wa Dwangwa mwezi ukatha. Ukachepa, kalikonse kamayenda kokha ngati munthu wolawirira kudimba. Kuwala kumaulula kusiyana kumeneku. Anthu oyeza mphepo kuchokera kumwamba amafuna manambala otere, ndiye mwina tsiku lina asodzi azidzauzidwa za mwera usanafike pa doko.

Kalatayi ndikupatsira amalume a Bakari, amene anabwera kuchokera ku Joni kudzandiona. Akaipereka kwa dalaivala wa basi. Mundiuze ngati mwamaliza kuwokera mpunga, komanso ngati akuchimuna a ku Dwangwa aja atchula tsiku la nikahi, lomangitsa ukwati wa Sabrina.

Mwana wanu,
Zahra


Pitoliya, 27 Febuluwale 2023

Ababa ndi amayi,

Asalamu aleikumu. Masabata atatu atha osamva kanthu kuchokera kwa inu. Kapena usipa wagwa kwambiri moti cholembera chikusowa wochigwira?

Ine kuno ndaonda. Leza sakundipatsa mpumulo. Ndimalowa m'chipinda mwathu seveni koloko, kukiya chitseko, kuzimitsa magetsi, kutuluka dzuwa litapendeka. Panja timayatsa kanyale kofiira kuti munthu asayerekeze kulowa. Ndi wovuta kwabasi. M'mawa amafuna maola awiri kuti afunde. Fumbi salifuna, phokoso salifuna, ndipo wina akamenyetsa chitseko penapake amasokonezeka tsiku lonse. Kumuyang'ana maso ndi maso n'koletsedwa. Anachokera ku Jeremani kalekale, wakalamba ndithu, ndipo ambiri amene anali naye ine ndisanabwere akuti anawaliza. Koma tsiku limene wadzuka bwino, amayi, ndimaiwala ndi njala yomwe.

Apulofesa akuti ndikhala naye mpaka kumapeto kwa Juni, kenako apita kwa mtsikana wina wa ku Kenya amene wakhala akudikira. Ndiye sindifuna kutaya ngakhale tsiku limodzi.

Iyi ndapatsira mayi wina wa ku Kanyenda amene akukwera basi mawa. Akamabwerera mumupatseko kausipa kouma, koma mukamange bwino, asadane nane anthu m'basimo.

Zahra


Malengachanzi, 13 Malichi 2023

Iwe Zahra,

Waleikumu salamu. Ife tili moyo, koma tulo sitikutiona.

Kalata tailandira imodzi yokha, ya mayi wa ku Kanyenda. Ndinaiwerenga mokweza pakhonde, azakhali ako a Hawa ali pomwepo kusankha nyemba. Nditafika pa chitseko chokiya paja ndinafuna kumeza mawu, koma anali atatuluka kale. Azakhali ako anasiya lichero pansi, nyemba osamaliza, akuti akuthamangira madzi pamoto. Pofika swala ya madzulo kumzikiti mudzi wonse unali utamwa madzi amenewo.

Tsono undiyankhe. Leza ameneyu ndi mwana wa yani? Ndi Msilamu? Ali ndi akwawo? Mwamuna wa mtundu wanji woti sayang'anidwa kumaso, wofuna kufunditsidwa m'mawa uliwonse ngati khanda? Nanga aphunzitsi akowo amagawa amuna ngati makuponi a feteleza, lero iwe, Juni wa ku Kenya? Iwenso ukuvomera, n'kumati sufuna kutaya tsiku.

Abambo ako ali ndi maganizo ena. Akuti Leza ndi dzina la Mulungu wa makolo akale, mwini uta uja umaoneka mvula ikakata, ndiye kuti walowa kampingo kopemphera mumdima. Ine sindikudziwa kuti pa ziwirizi ndizipempha chiti.

Usaseke. Azimayi a ku Dwangwa atumiza kale mawu kuti za tsiku la nikahi tidikire kaye. Sabrina wangokhala m'nyumba kulira. Abambo ako akuti ukapanda kulongosola, usonkhanitse mabuku ubwere kumudzi.

Usaimbe foni pa nkhani imeneyi. Foni ndi ya Sabrina, sipika yake imamveka mpaka kuchitsime. Abambo ako sanalembe okha chifukwa atopa ndi maukonde. Usipa sinditumiza. Akugulire Leza.

Amayi ako,
Kulusumu


Malengachanzi, 13 Malichi 2023

Achimwene a Bakari,

Salamu. Moni wautali ndidzapereka tsiku lina. Mwana wanu Zahra wagwidwa ndi Mjeremani wokalamba dzina lake Leza, ndipo amadzitsekera naye m'chipinda kusukulu komweko. Inu ndinu mwini mbumba. Siyani makina osokerawo tsiku limodzi, muvale bwino, mupite mukamuone munthuyo ndi maso anu. Musamuuze Zahra kuti mukubwera. Ngati ndi munthu wolongosoka abweretse akwawo. Ngati ayi, mukudziwa chochita.

Mlongo wanu,
Kulusumu


Joni, 2 Epulo 2023

Achemwali,

Waleikumu salamu, ndipo Ramazani yabwino kwa inu ndi alamu anga. Khalani pansi musanawerenge, ndipo muonetsetse kuti a Hawa sali pafupi.

Ndinapita Lachitatu. Ndinavala mkanjo woyera uja wa Idi ndi mzuli watsopano kumutu. Njira yonse m'sitima ndinkakonza mawu oti ndikamuuze Mjeremaniyo m'Chingerezi. Kusukuluko mlonda anandilondolera kuchipinda cha pansi, ndipo ndinapezadi chitseko chokiya ndi kanyale kofiira, ndendende mmene munalembera. Mtima unakwera. Ndinagogoda ndi chibakera.

Patapita nthawi Zahra anatuluka atavala chimagalasi chachikulu ngati cha owotcherera zitsulo.

"Amalume, kwagwanji? Kumudzi kuli bwino?"

"Ali kuti?"

"Ndani?"

"Usandipusitse. Leza. Muuze atuluke, amalume ako abwera."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatsetsereka ndi khoma mpaka kukhala pansi, kuseka misozi ili mbwembwembwe. Kalata yanu inali isanamupeze, ndiye ndinamufotokozera zonse ndili chiimire. Nditafika pa Sabrina kuseka kunatha.

Anandivula wotchi ndi mphete, kundiveka timatumba kumapazi ndi chimagalasi chija, n'kundilowetsa. Achemwali, Leza ndi bokosi. Bokosi lachitsulo lotuwa, kutalika kwake ngati tebulo langa lodulirapo nsalu, lokhala ndi chingwe cha magetsi ndi mapaipi a madzi. Ndinalizungulira konsekonse kuti mwina munthuyo wabisala kuseri. Kuseri kunali tsache.

Limatulutsa kuwala basi. Kuwalako kumalowa m'kamgolo kamene achotsamo mpweya. Ndinasuzumira osaona kanthu, ndipo Zahra anati si zachilendo, magalasi aja amatchinga, komanso mpweya wotsalamo ndi wochepa moti kuwala komwazika ndi kamera yokha imene imakuona. Anandionetsa pa kompyuta kamzere kokwera ndi kutsika ngati chulu. Kenako anatsegula kampopi pang'onopang'ono kuti mpweya ulowe, ndipo chulu chija chinayamba kumera mapewa uku ndi uku, ngati jekete yoikidwa thonje. Akuti mapewawo amabwera tinthu ta mumpweya tikayamba kukankhana. Ndinamufunsa ngati zaka zonsezi akuphunzira mapewa okhawa. Anati inde. Ine ndasoka mapewa zaka makumi atatu, palibe wanditchula dokotala.

Kugogoda kwanga kuja kunagwedeza magalasi a m'kati, ntchito ya tsiku lonse n'kuwonongeka. Aphunzitsi ake, mayi wamfupi wa imvi, anabwera kudzaona chachitika. Zahra atawamasulira, nawonso anafuna mpando.

Tsopano nayi nkhani yovuta. Chifukwa cha manyazi ndi njala ya swaumu thukuta linandituluka, ndipo ndinapisa m'thumba la mkanjo kufuna kansalu. Dzanja linatulutsa envulopu. Ndi kalata ija Zahra anandipatsa mu Febuluwale kuti ndipereke kwa dalaivala, imene anafotokozamo zonsezi. Mkanjowu ndinali ndisanauvalenso chichokereni tsiku limenelo. Mwana wanu anangondiyang'ana mmene inu munkandiyang'anira tili ana.

Ndaiika m'kati momuno. Mukaitengere ku Dwangwa, aiwerenge okha. Mukamafotokoza mukhoza kunena kuti inachedwa panjira. Si bodza, chifukwa inenso ndimayenda panjira.

Mlongo wanu wolapa,
Bakari


Malengachanzi, 16 Epulo 2023

Mwana wanga Zahra,

Asalamu aleikumu. Ndine abambo ako, Fakiri. Akulemba ndi amayi ako chifukwa dzanja langa likuphwanya.

Mkamwini wathu wa bokosi umupatse moni. Amayi ako anapita okha ku Dwangwa ndi makalata onse awiri, ndipo akuti apongozi a Sabrina anaseka mpaka kutaya tiyi wa futari pomasula swaumu. Nikahi aiika mu Ogasiti. Azakhali ako akuti iwo ankadziwa kale kuti ndi makina. Amalume ako tidzawaweruza akadzabwera.

Kalata yako yoyamba andiwerengera katatu. Ndaimvetsa bwino kuposa mmene ungaganizire, ndipo ndili ndi uthenga woti ukawauze aphunzitsi ako. Zimene mukuvutika nazo m'kamgolozo kuno zikuchitika poyera, popanda mpope. Mpweya wa ku Nkhotakota wasintha. Babu la mumzikiti, limene kale linali kadontho kamodzi, pano limaoneka lalikulu ngati lichero, lili ndi mphete kuzungulira. Dzuwa la m'mawa likagunda pamadzi, nyanja yonse imasanduka utsi woyera, bwato osalionanso. Galimoto ikamabwera pa msewu wa tala itayatsa nyali, kuwala kwake kumadzaza msewu wonse ngati mtambo wa nkhungu. Zinayamba pang'onopang'ono chaka chatha. Ndikafunsa anzanga akuti iwo sakuona zachilendo, koma anthu amenewa sanaphunzitse mwana mpaka kuyunivesite.

Ndiye uwauze abwere ndi kamera yawoyo adzayeze kuno. Malo ogona alipo.

Abambo ako,
Fakiri

Zahra, ndine amayi ako, abambo ako apita kukatawaza pokonzekera swala. Dzanja lawo lilibe vuto. Chaka chatha chonse sanawerengepo chilembo. Makalata ako amawagwira m'manja n'kumati magalasi asowa. Mlungu watha anapereka salamu kwa mtengo wa papaya, ndipo utapanda kuyankha anati ana a masiku ano alibe ulemu. Kunyanja anasiya kulowa, amangokhala pa mchenga kumalamula. Anandilumbiritsa kuti ndisakuuze, akuti usokonezeka sukulu. Ndakuuza. Mulungu andikhululukire, ndi mwezi wake uno.


Pitoliya, 27 Epulo 2023

Ababa,

Waleikumu salamu, ndipo Idi Mubaraka ngakhale yadutsa. Amayi, chonde muwerenge zonse, musadumphe mzere.

Uthenga wanu ndinawauza apulofesa. Akuti mwafotokoza kumwazika kwa kuwala bwino kuposa ophunzira awo ambiri. Mwangolakwitsa malo pamene kukuchitikira. Si mumpweya, ababa. Ndi m'maso mwanu.

M'kati mwa diso muli kagalasi koyera kamene kuwala kumadutsamo. Munthu akamakula kagalasiko kamatha kuchita chifunga, ndipo kuwala kukafika pamenepo kumamwazika m'malo modutsa chindunji. N'chifukwa chake babu limodzi likuoneka ngati lichero. Ine si dokotala wa anthu, koma mnzanga wophunzira za maso nditamuwerengera anati zikumveka ngati ng'ala, ndipo mukapimidwe msanga. Akuti ikakhala imeneyo amachotsa kagalasi kachifungako n'kuika kena, ntchito yosatha ndi ola lomwe.

Ndinalira, ababa. Chaka chonse ndakhala ndikusankha mawu, kulemba bwinobwino kuti musangalale ndi zilembo zanga mmene munkachitira ndili ku pulayimale, osadziwa kuti mukungogwira pepala. Za Leza munakhulupirira msanga n'kufuna kundiitanitsa kumudzi. Za maso anu enieni munakhala chete.

Ndikudziwa kuti mumaopa mpeni wa kuchipatala. Ndiye tipangane. Pofika pa 15 Meyi Sabrina andiimbire kuti mwakaonana ndi a maso. Akapanda kuimba, pa 16 ndikwera basi kudzakutengani ndekha. Ndikachoka kuno, makina apita kwa mnzanga wa ku Kenya nthawi yomweyo, ndipo ine ndidzadikira chaka china kuti ndimalize. Apulofesa ndawauza kale. Chikwama chili pa bedi, chotsegula.

Sankhani inu.

Mwana wanu wamakani ngati eni ake,
Zahra


Malengachanzi, 21 Meyi 2023

Zahra,

Salamu. Sabrina anakuimbira, koma pa foni sitikanatha kukuuza mmene zinayendera, abambo ako anali pomwepo.

Nditamaliza kuwawerengera kalata yako anati, "Kulusumu, unalumbira." Ndinati inde. Masiku awiri sanandiyankhule, chakudya ankachita kupempha kudzera kwa Sabrina ine ndili pambali pawo. Anati ku Kanyenda kuli munthu amene anamuchotsa diso n'kulitsuka m'beseni, pobwezera n'kuliika chozondoka. Ndinawafunsa dzina la munthuyo, anati anasamuka.

Anadikira mpaka tsiku lenilenilo. Pa 15 m'mawa ndinawapeza atavala kale, atakhala pa mpando, ndodo ili pa miyendo. Anati, "Mwana uja akwereradi basi?" Ndinati mukumudziwa. Anati, "Chaka chathunthu chifukwa cha ine? Tiyeni."

A maso anapezadi ng'ala, maso onse awiri. Tinachita mwayi kuti madokotala oyendayenda anali akubwera sabata yomweyo, ndiye Lachisanu anachita la kumanja. Polowa anandigwira dzanja mwamphamvu ngati ndine chingwe cha nangula, n'kundiuza kumene anasunga makiyi a injini ya bwato. Potuluka anali akuuza anesi kuti mwana wawo amagwira ntchito ndi Mjeremani.

Tseka chikwamacho, ugwire ntchito yako. Usipa ndapatsira dalaivala mwiniwake m'manja. Amalume ako asaukhudze.

Amayi ako


Malengachanzi, 18 Juni 2023

Zahra mwana wanga,

Asalamu aleikumu. Zilembo zikuluzikuluzi ndi zanga. Zikupendama chifukwa dzanja linaiwala njira, koma palibe wandigwirira cholembera.

Sabrina akuti manambala ako atuluka bwino ndipo umaliza nthawi yake isanakwane. Alihamudulila. Ubwere ku nikahi, diso lachiwiri adzachita ikadzatha.

Ndikuuze zimene ndapeza. Anyamata anapenta bwato langa mtundu wa pinki, akuti utoto wina unasowa, ndipo lakhala likuyenda choncho miyezi isanu ndi iwiri dzina langa lili pambali. Doko lonse linkadziwa. Lata la shedi ladooka malo khumi ndi anayi. Malaya amene ndinkawakonda kuvala Lachisanu ali ndi chithunzi cha bakha kumsana. Mkamwini wa ku Dwangwa ndi wamfupi kuposa mawu ake, koma nkhope yake ndi ya munthu wabwino.

Tsiku limene anandichotsa bandeji ndinaona mayi wa imvi ataima pafupi ndi bedi, ndipo ndinafunsa kuti agogowa akudikira ndani. Anali amayi ako. Anatsegula kachikwama kawo n'kundipatsa kalilole. Nkhani inathera pomwepo.

Dzulo masana ndinakhala pakhonde iwo akupeta mpunga watsopano. Ndinawayang'ana nthawi yaitali mpaka anafunsa kuti chavuta n'chiyani. Ndinati palibe. Anapitiriza kupeta osandiyang'ana, koma ndinaona kuti akumwetulira okha. Mwina chaka chonse chathachi ankamwetulira choncho, ine ndili pomwepo osadziwa.

Abambo ako,
Fakiri